Ulendo wa Loweruka ndi Lamlungu ku chikondwerero cha sake ku Saijo: zimene ndinaona ndi mmene mungakonzekere

Chikondwerero cha Sake Matsuri, cha mowa wa mpunga wa ku Japan wotchedwa sake, chimachitikira m'tauni ya Saijo, mumzinda wa Higashihiroshima, m'chigawo cha Hiroshima ku Japan. Chinayamba mu 1990, ndipo pa masiku ake awiri kumasonkhana anthu oposa 200,000 m'tauni imene masiku ena onse imangokhala zii. Tsiku lake n'losavuta kulipeza. Lolemba lachiwiri la Okutobala ndi holide ya zamasewera ku Japan, ndipo chikondwererochi chimagwera pa Loweruka ndi Lamlungu lotsogola Lolembalo: mu 2024 chinali pa 12 ndi 13, mu 2025 pa 11 ndi 12. Ndiye kuti dziko lonse limakhala likupuma masiku atatu otsatizana, anthu ali pa maulendo, mahotela ali odzaza. Izi ndalembera makamaka anzathu amene ali kale ku Japan pa sukulu kapena pa ntchito, poti ulendo wa masiku awiri sungayambire ku Lilongwe. Amene akuphunzira pa Hiroshima University ndiye zawapeza pakhomo, chifukwa sukuluyo ili mumzinda womwewu.

Musanagule tikiti ya sitima, tsimikizani kuti ndi Saijo wake uti. Kuli Saijo wina m'chigawo cha Ehime, pachilumba cha Shikoku, ndipo chosokoneza n'chakuti nayenso amakhala ndi chikondwerero chachikulu pakati pa Okutobala, chotchedwa Saijo Matsuri, chimene ndi cha akachisi, osati cha mowa. Siteshoni ya kumeneko ndi Iyo-Saijo. Yanu ndi Saijo basi, pa njanji ya JR Sanyo. Pofufuza njira pa foni lembani Saijo Higashihiroshima, apo ayi foniyo ikuwolotsani nyanja.

Kuchokera pa siteshoni ya Hiroshima sitima wamba imatenga mphindi 35 mpaka 40. Ochokera ku Tokyo akwere sitima yothamanga kwambiri, Shinkansen ya Nozomi, maola pafupifupi 4 kukafika ku Hiroshima. Kuchokera ku Shin-Osaka ndi ola limodzi ndi theka. Pali siteshoni ina ya Shinkansen yotchedwa Higashi-Hiroshima, imene dzina lake limanamiza anthu kuti ili pafupi. Ili patali ndithu ndi kumene kuli chikondwerero, moti mufunika basi kapena takisi, ndipo sitima zoimapo ndi zowerengeka. Bola kutsikira ku Hiroshima n'kukwera sitima wamba. Obwera pa ndege ali ndi mwayi, chifukwa bwalo la ndege la Hiroshima lili kufupi ndi Saijo kusiyana ndi mzinda wa Hiroshima weniweniwo, ndipo pali basi yolunjika ku siteshoni ya Saijo.

Mahotela a ku Saijo ndi ochepa ndipo amatha kudakali miyezi. Funani chipinda pafupi ndi siteshoni ya Hiroshima, mu Julayi kapena Ogasiti, osati sabata yomweyo, ndipo fikani Lachisanu usiku ngati n'kotheka. Chikwama chachikulu chisiyeni ku hotela, poti mabokosi okhoma a pa siteshoni ya Saijo amadzaza m'mawa momwe, ndipo kukoka sutikesi pakati pa chinamtindi chija n'kudzizunza. Khadi ya sitima, kaya ndi ICOCA kaya Suica, iikirenitu ndalama zopitira ndi zobwerera musananyamuke. Tengani ndalama zogwirika, za 1,000 yen ndi zachitsulo, chifukwa ogulitsa zakudya m'misewu ambiri salandira khadi. Pasipoti kapena khadi yanu ya zairyu, chiphaso cha mlendo wokhala ku Japan, ikhale m'thumba: lamulo limafuna kuti mlendo aziyenda nayo, komanso ku Japan mowa umayambira zaka 20, ndiye akhoza kukufunsani umboni. Masana kumafunda, koma Saijo ali pamtunda, pakati pa mapiri, ndipo dzuwa likapendeka kumazizira. Juzi yopepuka musaisiye. Lachinayi onani zanyengo, chifukwa Okutobala ikadali nyengo ya anamondwe. Pa 12 Okutobala 2019 namondwe wa Hagibis anaimitsa Shinkansen ya pakati pa Tokyo ndi Nagoya tsiku lonse.

Mukangotuluka pa siteshoni muona kuti kwenikweni pali zikondwerero ziwiri zochitikira pamodzi. China chili mumsewu wa Sakagura-dori ndi tinjira tozungulira, kumene kuli makampani 7 ofulula mowa oyandikana. Kumeneko kulowa n'kwaulere, mumangolipira chimene mwamwa kapena kugula. China ndi Sake Hiroba, bwalo lotchingidwa m'paki ya Saijo Chuo, kumene amasonkhanitsa sake wa m'dziko lonse, mitundu 800 mpaka 1,000 malinga ndi chaka, ndipo mumalowa ndi tikiti. Anthu ambiri amafuna kumaliza zonse ziwiri masana amodzi. Amenewo ndi amene mumawapeza cha m'ma 3 koloko atakhala m'mbali mwa msewu, mutu uli pamaondo, nsapato imodzi ili poteropo. Ine langizo langa ndi lakuti Sake Hiroba mulowe Loweruka m'mawa, lilime likadali lakuthwa, ndipo kwa ofululawo mupite Lamlungu. Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha, sankhani chimodzi choti mumwerepo, chinacho mungoonako ndi maso.

Kuti tikiti ya Sake Hiroba isapite pachabe, muyenera kudziwako pang'ono chimene chili m'kapumo. Anthu amati ndi vinyo wa mpunga, koma kafululidwe kake n'kosiyana ndi ka vinyo, chifukwa mphesa zimakhala ndi shuga kale pamene mpunga ulibe. Kwathu pofulula masese timadalira chimera kuti chisandutse ufa kukhala zotsekemera. Ku Japan ntchito imeneyo imagwiridwa ndi chuku chotchedwa koji, chimene amachiwaza pa mpunga wophika ndi nthunzi, m'chipinda chofunda madigiri 30 kapena kuposerapo, n'kuchisamalira masiku awiri. Kenako mpunga wa koji uja, mpunga wina wophika ndi madzi amaziwonjezera pa yisiti m'thanki katatu pa masiku anayi, n'kuzisiya ziwire pozizira masabata atatu mpaka asanu. M'thankimo koji akupanga shuga, yisiti akudya shugayo n'kutulutsa mowa, zonse nthawi imodzi. N'chifukwa chake sake amafika mphamvu ya 18 mpaka 20 peresenti popanda kutcheza. Ofulula ambiri amamusungunula ndi madzi kuti atsike pa 15 kapena 16. Wolembedwa genshu sanathiridwe madzi, ndipo ameneyo ndiye wofunika kusamala naye. Luso lofulula ndi koji limeneli UNESCO inaliika pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kuchisunga mu Disembala 2024.

Pa botolo nambala yoyamba kuiona ndi ya seimai-buai, yosonyeza gawo la njere ya mpunga limene latsala atapala kunja. Kunja kwa njere kuli mafuta ndi mapuloteni amene amalemeretsa mowa. M'kati muli ufa woyera wokhawokha. Akalemba 60 peresenti ndiye kuti apala n'kuchotsa 40. Honjozo ndi wa 70 kutsika m'munsi, ginjo 60, daiginjo 50. Akalemba junmai ndiye kuti muli mpunga, koji ndi madzi basi. Amene alibe mawu amenewa amuwonjezera mowa wotcheza pang'ono, umene pa magulu amenewa sudutsa 10 peresenti ya kulemera kwa mpunga, ndipo si chinyengo ayi: umathandiza kutulutsa fungo ndi kupeputsa mowawo. Ginjo ndi daiginjo amanunkhira zipatso, maapozi, nthochi kapena vwende, pamene junmai wamba amamveka mpunga ndipo amadzaza m'kamwa. Musapusitsidwe kuti nambala yotsika ndiye mowa wokoma. Imangotanthauza kuti ataya mpunga wambiri ndipo mtengo wakwera. Alipo ma junmai a 65 kapena 70 amene pa chakudya amaposa daiginjo wodula kawiri.

Nambala ina ndi ya nihonshu-do, yokhala ndi chizindikiro cha kuphatikiza kapena kuchotsera. Ya kuphatikiza ikakwera mowawo ndi wosatsekemera, umene amati karakuchi. Ya kuchotsera ndi wotsekemera, amakuchi. Ingoitengani ngati chongokulozerani, chifukwa kuwawasa kwa mowawo kumasintha mmene shuga amamvekera palilime. Ndipo poti mwabwera mu Okutobala, funani wolembedwa hiyaoroshi. Sake wambiri amamutenthetsa kawiri pa madigiri 60 mpaka 65 kuti aphe tizilombo, akangofinya ndi pothira m'mabotolo. Hiyaoroshi amamutenthetsa kamodzi kokha, n'kumusunga nyengo yonse yotentha, ndipo amatuluka kuyambira Seputembala atakhwima, ukali wake utafatsa. Miyezi ina simumupeza.

Tikiti ya Sake Hiroba guliranitu pa intaneti kapena pa makina a m'masitolo ang'onoang'ono otchedwa konbini. Yoguliratu imatsikirapo mtengo, ndipo simuima pa mzere kawiri. Werengani bwino zolembedwapo, chifukwa pali zaka zimene okonza amagawa tsiku m'zigawo, tikiti iliyonse n'kukhala ndi maola ake olowera ndi otulukira. Mukatuluka simubwereranso pa tikiti yomweyo, choncho idyani kaye musanalowe. Pachipata akupatsani kakapu kotchedwa ochoko ndi mndandanda wa mowa wonse. Kakapuko ndi kanu, mupita nako kunyumba, koma m'bwalomo ndi komwe muzimwera, ndiye musakataye. Matebulo anawagawa potsata zigawo za dziko, ndipo botolo lililonse lili ndi nambala. Simufunika Chijapani chambiri: lozani nambala pa pepala, perekani kakapu ndi manja awiri, wothirayo athira. Mowa wa mayina otchuka umatha msanga, nthawi zina masana asanafike, ndipo mizere yake ndi yaitali. Kuima mphindi 20 kudikira dzina limene mungalipeze m'sitolo ya ku Tokyo n'kutaya nthawi. Pitani pa matebulo opanda mzere mukalawe a m'zigawo zimene simudzapitako.

Tsono chimene chimagwetsa anthu ndi kakapu kaja. Kamaoneka kosaopsa, ndipo mowawo ndi wozizira, umatsika mosavuta. Tiyeni tiwerengere. Muyeso wa sake ku Japan ndi go, mamililita 180, ndipo go imodzi ya 15 peresenti ili ndi magalamu pafupifupi 22 a mowa weniweni, kuposa pang'ono amene ali mu theka la lita la mowa wa m'botolo wa 5 peresenti. Wothira akamaika mamililita 20 mpaka 30 nthawi iliyonse, kulawa ka 6 mpaka 9 ndi go yathunthu. Munthu amene walawa mitundu 30, zimene n'zosavuta pa maola awiri, wamwa mamililita 750, kuposa botolo lathunthu la 720, magalamu 90 a mowa. Chiwindi cha mwamuna wa thupi lapakati chimafuna maola pafupifupi 4 kuti chichotse go imodzi, ndipo kwa amayi ndi anthu a thupi laling'ono chimatenga nthawi yoposerapo. Vuto lina n'lakuti mowa umachedwa kufika m'mutu. Mumakhala mukumva bwinobwino pa kapu ya 15, mukuitanitsa ya 20, pamene ya 10 ija ndi imene yangoyamba kugwira ntchito. Muzindikira mutakhala pansi kuti kudzuka kwavuta.

Ndiye konzekerani chonchi. Musanalowe, dziikireni malire, mwachitsanzo go ziwiri, ndiye kuti kulawa ka 12 mpaka 18, ndipo chongani pa mndandanda nthawi iliyonse mwamwa, poti ikafika pa 10 mutu sukhalanso wodalirika powerenga. Pothiritsa nenani kuti sukoshi dake, ndiye kuti pang'ono chabe, othirawo sakhumudwa. Botolo la madzi likhale m'manja nthawi yonse, ndipo pa kapu iliyonse ya sake mwanipo madzi ochuluka chimodzimodzi kapena kuposa. Eniake madzi amenewa amawatcha yawaragi-mizu, ndipo anthu odziwa kumwa ndi amene amawamwa kwambiri. Amachepetsa matsire, amatsuka lilime, ndipo pang'ono mukhoza kutsukira kakapu pochoka pa mowa wa fungo lamphamvu. Mukakhala awiri kapena atatu, aliyense atenge nambala yosiyana n'kumanunkhizana makapu. Mphuno imaphunzira zambiri popanda chiwindi kulipira.

Kalawidwe kamene kamapindula ndi koyerekeza ziwiriziwiri, osati kungoyenda chisawawa. Tengani junmai wa ku Niigata ndi junmai wa ku Hiroshima motsatizana, mumva kuti woyambayo ndi wopepuka, amatha msanga m'kamwa, pamene wachiwiriyo ndi wofewa ndipo amakhalitsa. Yerekezani wa mpunga wa Yamada Nishiki wa ku Hyogo ndi wa Omachi wa ku Okayama, kapena wa Hattan Nishiki wa konkuno ku Hiroshima. Yambani ndi onunkhira ndi opepuka, ginjo ndi daiginjo, kenako junmai, ndipo genshu, nigori woyera ngati mkaka uja ndi ena otsekemera kwambiri akhale omaliza, chifukwa mukayamba ndi amenewo lilime limaphimbika, enawo amangomveka madzi. Nunkhizani kaye, mwani pang'ono, zungulitsani m'kamwa, mezani, kenako tulutsani mpweya m'mphuno. Fungo lina limabwera pamenepo. Pefyumu musadzole tsiku limeneli. Imakutsekani mphuno inuyo ndi aliyense woima pafupi, ndipo anthu a kuno sakuuzani, angosuntha.

Chakudya cha chikondwererochi ndi bishu-nabe, chimene chinayambira kwa antchito a ku Kamotsuru. Amaika chiwaya chachitsulo pamoto, kukazinga adyo m'mafuta pang'ono, n'kuikamo nyama ya nkhumba, nkhuku ndi nthutumba, mchere ndi tsabola wakuda, kenako n'kuthira sake m'malo mwa madzi. Masamba amabwera pambuyo pang'onopang'ono: kabichi wofewa wa hakusai, anyezi, kaloti, bowa, ndi tofu wokazinga. Sathira soya kapena shuga, ndipo cholinga chake chinali chakuti ofulula adye n'kubwerera kukalawa mowa lilime lisanasokonezeke. Chinsinsi chake ndi kusathira sake wambiri nthawi imodzi. Akachuluka zimangokhala zobwatitsa, nyama n'kusuluka. Ayenera kukhala wongokwanira kuti masamba afote ndi nthunzi yake. Mumaphika pang'ono, kudya, kuikanso zina. Mphamvu ya mowa yambiri imauluka ndi moto, koma amene sadya nkhumba kapena chophikira mowa adziwiretu kuti zonse ziwiri zilimo. Malo okhala pansi n'kudya bishu-nabe amafuna kusungitsiratu kapena kufika msanga. Mukawaphonya, m'misewu muli zowotcha zambiri, komanso okonomiyaki wa ku Hiroshima, wosanjikiza kabichi, dzira ndi soba (zonga sipageti), amene amakhala m'mimba nthawi yaitali. Nayenso kawirikawiri amaikamo nkhumba, ndiye funsani.

Lamlungu m'mawa, cha m'ma 10 koloko anthu asanachuluke, ndi nthawi yabwino ya kwa ofulula. Chizindikiro chawo ndi machumuni aatali a njerwa zofiira olembedwa mayina, ndi makoma oyera okhala ndi mizere yopingasa m'munsi. Mayina ake ndi Hakubotan, Saijotsuru, Kirei, Kamotsuru, Fukubijin, Kamoizumi ndi Sanyotsuru, ndipo onse mukhoza kuwayendera wapansi. Pakhomo lililonse yang'anani m'mwamba muone mpira waukulu wa masamba a mtengo wa sugi utapachikidwa. Amaupachika wobiriwira akafinya mowa watsopano, ndipo umafiira pamene mowawo ukukhwima, moti mu Okutobala mumaupeza wouma, wofiirira. Pafupi ndi zipata pali mipope ya madzi a m'zitsime amene amafululira, otsika pansi pa nthaka kuchokera kuphiri la Ryuo. Lawani madziwo musanalawe mowa wa pakhomopo, ndipo dzazani botolo lanu.

Nkhani ya madzi ndi imene inapangitsa dera lino kukhala limodzi mwa atatu otchuka pa sake, pamodzi ndi Nada ku Hyogo ndi Fushimi ku Kyoto. Madzi a ku Nada ali ndi michere yambiri ya m'nthaka imene imadyetsa yisiti, ndiye mowa umawira mwamphamvu. A m'chigawo cha Hiroshima ambiri alibe michere yokwanira, ndipo kale mowa unkawira mofooka n'kusasa usanapse. Miura Senzaburo wa ku Akitsu, dera limene lero lili mumzinda womwewu, anapeza njira yake: kukhwimitsa koji mpaka m'kati mwa njere, n'kuwiritsa pozizira nthawi yaitali. Anafalitsa njirayi mu 1898 osaibisa, ndipo pa mpikisano woyamba wa dziko lonse mu 1907 sake wa ku Hiroshima anatenga mphoto zapamwamba. Pa nthawi yomweyo Satake Riichi wa ku Saijo anali atapanga chigayo cha mpunga choyendera injini mu 1896, ndipo kampani ya Satake, imene likulu lake likadali kuno, inadzapanga makina opala njere mozama amene ginjo amadalira. Bungwe la boma lofufuza za mowa nalonso linasamukira kuno kuchokera ku Tokyo mu 1995. Mukamwa ginjo wonunkhira m'tauni muno, zonsezi zili m'kapumo.

Musayese kumwa pa makomo onse 7. Hakubotan ndi wakale kwambiri, wa 1675, ndipo mowa wake umapendekera kotsekemera. Kirei ndi wosatsekemera, wosiyana ndi anzake a m'derali, ndiye kulawa awiriwa motsatizana kumaphunzitsa zambiri, poti ali pafupi ndipo madzi awo ndi a phiri limodzi. Kamoizumi anali m'gulu la oyamba kubwerera ku junmai cha m'ma 1970, ndipo mowa wake ndi wachikasu pang'ono. Musaganize kuti wawonongeka, umenewo ndiye mtundu wa sake akapanda kumuyeretsa kwambiri ndi makala. Pa chikondwerero a Kamoizumi amagulitsanso mowa wothira kuchokera m'nsungwi yaiwisi, ndipo mzere wake ndi woyenera kuimapo. Kamotsuru ndi amene ali ndi daiginjo wokhala ndi tizidutswa tagolide toumbidwa ngati maluwa a sakura, amene Shinzo Abe anathirira Barack Obama ku Tokyo mu 2014. Golideyo sakoma kalikonse, koma botolo laling'ono limakhala mphatso yabwino. Mukapeza malo amene akutenthetsa mowa, yesani junmai pa madigiri 40, amene amati nurukan. Mowa womwe unali waukali uli wozizira umafewa n'kutulutsa fungo la mpunga. Daiginjo yekha musamutenthetse, fungo lake limathawa.

Kugula kukhale komaliza, chifukwa botolo la mamililita 720 limaposa kilogalamu imodzi, ndipo lalikulu la malita 1.8 limayandikira makilogalamu atatu. Musanalipire funsani ngati ndi nama. Namazake sanatenthetsedwe n'komwe, ndipo ayenera kukhala mufiriji nthawi zonse. Mukamuyendetsa m'chikwama tsiku lonse n'kumusiya pashelefu, amasintha fungo, nthawi zina n'kuchita mbuu ndi kusasa. Nigori wina amakhala akuwirabe m'botolo. Ena otere chitsekero chake chili ndi kabowo kotulutsira mpweya, moti mukagoneka botolo m'chikwama mupeza zovala zonse zanyowa, ndipo potsegula muyenera kupotokola pang'ono, kutseka, kupotokolanso, apo ayi theka lithera padenga. Wa ulendo wautali agule wotenthetsedwa kawiri. Ofulula ambiri amatumiza mabotolo kunyumba kwanu kudzera pa takkyubin, makampani onyamula katundu kukasiya pakhomo, ndipo pali ya galimoto zozizira yoyenera nama. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi botolo losweka m'sitima. Pa ndege za m'dziko momwemo mowa wosapitirira 24 peresenti mukhoza kukwera nawo m'manja, koma pa ndege yotuluka kunja uyenera kulowa m'sutikesi yopita pansi, utakulungidwa m'zovala. Kunyumba usungeni pamdima, poti dzuwa limauwononga msanga, ndipo mukatsegula ikani mufiriji n'kumaliza pasanathe sabata imodzi kapena ziwiri.

Galimoto isiyeni kumene mukukhala. Ku Japan mpweya wanu ukapezeka ndi mamiligalamu 0.15 a mowa pa lita, mwalakwa kale, ndipo chilango chimafika zaka 3 m'ndende kapena 500,000 yen. Woledzera kwenikweni ndi zaka 5 kapena 1,000,000 yen. Wokwera nawo akudziwa kuti dalaivala wamwa amalangidwanso, chimodzimodzi wobwereketsa galimoto. Kuyambira Novembala 2024 wopalasa njinga atamwa nayenso akhoza kulandira chilango cha zaka 3 chija, ndipo ophunzira okhala ku Saijo, amene njinga ndiye miyendo yawo, amve bwino pamenepa. Kumbukiraninso kuwerengera kuja: magalamu 90 amafuna maola 16 kapena kuposa, ndiye amene wamwa kwambiri Loweruka madzulo sanayere Lamlungu m'mawa, ngakhale atasamba ndi kumwa khofi.

Mnzanu akaledzera mpaka osadzuka mukamugwedeza, akupuma mosalongosoka, kapena thupi lazizira, musati akagona zitha. Mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwitse, mufunditseni, musamusiye yekha, ndipo itanani ogwira ntchito pa chikondwererocho kapena imbani 119. Apolisi ndi 110, ndipo foni kapena chikwama chikatayika kanenani ku koban, kaofesi ka apolisi ka m'dera, chifukwa ku Japan zotayika zambiri zimakapezeka kumeneko.

Pobwerera, nyamukani isanakwane 4 koloko kapena dikirani mpaka kutada mukudya, chifukwa pakati pamenepo siteshoni ya Saijo imadzaza moti nthawi zina amalowetsa anthu m'magulu. Pa pulatifomu imani kumbuyo kwa mzere wachikasu. Onetsetsani kuti sitima yanu ikupita ku Hiroshima, osati ku Shiraichi kapena Mihara. Zambiri zopita ku Hiroshima sizithera pamenepo, zimapitirira mpaka ku Iwakuni m'chigawo cha Yamaguchi, ndipo mpando wofunda pambuyo pa go ziwiri umagonetsa aliyense. Mukangokhala pansi, tcherani alamu ya mphindi 30 pa foni. Amene ali ndi holide ya Lolemba akhoza kugonanso ku Hiroshima n'kukaona Peace Memorial Park m'mawa, kapena kukwera sitima ya mphindi 30 kupita ku Miyajimaguchi n'kuwoloka mphindi 10 pa boti kukafika ku Miyajima, kumene kuyambira Okutobala 2023 mlendo aliyense amalipira msonkho wa 100 yen polowa.